Mapazi a Amake Abby

Kuno ku Nyampande anthu amati ndine mfiti. Sanena pamaso panga, koma ndikangofika pachigayo aliyense amakumbukila kuti wasiya mphika pamoto. Mfiti yake ine, mkazi wamasiye wochokela ku Katete, amene ngakhale muzu wa chimfine sindiudziwa! Zonsezi zinabwela ndi nkhukundembo.

Amuna anga atamwalila, mwana wanga Stephen, amene amagwila nchito ku Lusaka, anandimangila khola la njelwa kuseli kwa nyumba n'kunditumizila anapiye a nkhukundembo zana limodzi. Akuti ndizikhala ndi chochita, zikakula mahotela a ku Petauke adzagula. Mvula itangoyamba utuchi wa m'khola unanyowa. Anapiye anayamba kutsegula m'mimba, kugwetsa mapiko, kukana chakudya. Pa masabata awili ndinakwilila oposa theka. Ndinalila kuposa mmene ndinalilila malilo a achibale ena, Mulungu andikhululukile.

A Tembo, alangizi a ziweto, anabwela pa njinga yamoto. Anafinya utuchi m'manja n'kupukusa mutu.

"Amai, awa ndi matenda a m'matumbo, timati kokisidiyosisi. Tizilombo take timakhala m'zitosi, ndipo timakonda chinyezi. Utuchi uzikhala wouma. Wonyowa wa pa zomwela muzichotsa tsiku lililonse, ndipo muzigula chakudya chija chosakaniza ndi mankhwala. Koma chenjelani ndi mapazi. Munthu amene ali ndi nkhukundembo kwake asayandikile khola lino ndi nsapato zake."

Munthu wotelo m'mudzi monse analipo mmodzi yekha, ndipo anali mnzanga yekhayo amene ndinali naye.

Amake Abby anali ndi nkhukundembo zinai zongodziyendela pabwalo. Mayi ameneyu ndiye anagona kwanga mwezi wathunthu malilo atatha, pamene achibale a amuna anga anali atabalalika. Tsiku lililonse akamachokela kudimba ankadzela kwanga, patapata zawo zili matope okhaokha. Ankandipeza kukhola, n'kukhala pa ndowa yovundikila pakhomo penipeni.

"Mwauka tyani, amake Stephen? Nanga ana anu azungu agona bwanji?"

Akatelo nkhani zayamba: amene wathawa mwamuna, amene waimba nyimbo yolakwika kukwaya, mtengo wa thonje. Ine ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa, maso anga ali pa patapata zija.

Gulu lachiwili la anapiye litafika mu Januwale, ndinayesa kuwauza. Mawu ndinkawakonza bwinobwino ndikusesa m'mawa, koma akafika lilime linkalemela. Munthu wamkulu, amene anakugwila dzanja kumanda, ungamuuze bwanji kuti mapazi ake ndi auve? Ndiye ndinapeza nzelu, nzelu ya chitsilu. Akangochoka ndinkatenga fosholo, n'kupala dothi lonse pamene apondapo, kuthila mu ndowa, kukataya kudzenje, kenako kuwaza laimu wophela tizilombo. Anapiye anakula bwino. Zitosi zinali zolimba, ndipo palibe ngakhale mmodzi anagwetsa phiko. Ndinkadziyamikila kuti ndapulumutsa mbalame, ubwenzi nawo uli bwinobwino.

Lachinai lina mu Malichi amake Abby anaiwala khasu lawo. Atabwelela anandipeza nditagwada, ndikupala phazi lawo lakumanzele ndi manja, popeza fosholo inali itathyoka.

Kuno ngakhale mwana wa giledi yoyamba amadziwa mtundu wa munthu amene amatapa dothi la phazi la mnzake. Amake Abby anayang'ana ndowa, anayang'ana ine. Anatola khasu lawo n'kumapita, osathamanga. Ndikanawatsatila pomwepo. Koma manyazi anandimanga miyendo, ndinati ndipita mailo mtima wawo ukatsika. Mailo lija linasanduka sabata. Kenako mwendo wawo unatupa. Mudzi wonse unkadziwa kuti mayiyu wakhala ndi matenda a shuga zaka zambili, koma mwendo wake unali wakumanzele, ndipo wina anali ataona zonse ali pamwamba pa nkhokwe. Abby, mwana wawo wokwatiwa ku Nyimba, anabwela ndi galimoto kudzawatenga.

Kuyambila pamenepo khola langa linakhala laukhondo kwambili m'boma lonse la Petauke. A Tembo anachita kulijambula pa foni. Palibe phazi la munthu linapondanso pabwalo panga, ngakhale la wopempha mchele. Kuchalichi benchi yanga inkakhala ndi malo otsala. Ndinayamba kuyankhula ndi nkhukundembo, ndipo izo zili ndi khalidwe lakuti ukangokhosomola, atambala onse amayankha pamodzi. Masiku ena ndinkakhosomola dala. Ndinasungulumwa kwambili, sindingabise. Stephen akaimba foni ankafunsa kulemela kwa mbalame, ine n'kumuuza, iye n'kuti, "Mwachita bwino, amama."

Mu Julaye ndinasankha tambala wamkulu kuposa onse, kumumanga miyendo, kumukulunga m'chitenje, n'kukwela basi ya ku Nyimba. Kondakitala anafuna kuti mbalameyo ilipile mpando wake, ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano.

Nyumba ya Abby ili kuseli kwa msika wa nthochi. Ndinapeza amake atakhala pakhonde, mwendo atausanjika pa kampando, ataonda. Anandilonjela ngati mlendo wa boma.

"Fikani, amai Banda."

Chifikileni m'mudzi muja anali asananditchulepo motelo. Ndinakhala pansi, tambala pambali panga, n'kuyamba kufotokoza. Ndinanena za a Tembo, za tizilombo ta m'zitosi, za anapiye amene ndinakwilila. Ndinalumbila pa manda a amuna anga kuti mankhwala oipa sindiwadziwa. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithela.

"Zaufitizo sindinazikhulupilile ngakhale tsiku limodzi," anatelo. "Mwendowu ndi shuga, adokotala anandiuza kale. Za tizilombo zanunso ndizidziwa, a Tembo anafika na kwanga."

"Nanga n'chifukwa chiyani simunabwelenso?"

"Munayamba liti kupala?"

"Mu Januwale."

Anawelenga pa zala, pang'onopang'ono.

"Miyezi itatu. Ine kubwela tsiku na tsiku, kuseka na imwe, kuganiza kuti nikusangalatsa mnzanga. Kansi imwe muyembekezela chabe kuti nichoke, mutenge fosholo. Sembe munaniuza, amake Stephen. Patapata ni chinthu chovula. Sembe nenze kuzisiya pamsewu."

Ndinalila pamaso pa Abby ndi ana ake, kulila kochititsa manyazi kwa munthu wamkulu. Ndinafunsa ngati adzabwelela kumudzi mwendo ukapola. Anati nyumba ija anapatsa mphwawo, ndipo kuno chipatala chili pafupi.

Ndinakankhila tambala uja kumapazi awo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akumuyamikila, pakuti mayiyu mbalame amazidziwa.

"Wanenepa bwino. Munamusamala," anatelo. "Koma bwelelani naye. Pano pali nkhuku zambili, pabwalo ni pauve. Angadwale."

Abby anandipelekeza mpaka pamsewu waukulu n'kubwelela. Ndinaima pakati pa amai ogulitsa nthochi, tambala m'khwapa, ndikudikila basi ya ku Petauke. Apo mpamene ndinakumbukila kuti mbalame imene yatuluka n'kukafika pabwalo la eni siingalowenso m'khola. Ndinayenela kukamumangila kakhola kake kuseli kwa chimbudzi, kutali ndi anzake, kuti azikhala yekha.