Mphuno ya a Samisoni

Emeldah ankajambula chilichonse ku Chiwanga ndi foni yake yong'aluka pakona: usipa pathandala, akwati, ngakhale mbuzi zogulitsa. Munthu mmodzi yekha ndiye anamukanika, atate ake, a Samisoni.

Nkhondo itatha, a Samisoni anabwerera kwawo ku Chiwanga, tsidya lino la nyanja, kuchokera ku Malawi komwe anathawira, koma mlongo wawo, a Gertrudes, anatsalira ku Nkhata Bay pabanja. Sanaonanenso. Tsopano a Gertrudes anali gone, miyendo itatupa, ndipo mdzukulu wawo anatumiza mawu awo pafoni: "Emeldah, undijambulire mlongo wangayo ndimuone maso asanatseke."

Emeldah anawapeza atate ake akusoka ukonde.

"Atate, azakhali akufuna foto."

A Samisoni anakokera chipewa kumaso. "Anandijambula kamodzi kumsasa wa othawa nkhondo, nambala ili pachifuwa ngati ng'ombe ya pamsika. Zinakwana."

"Iyi si ya ufa wa kumsasa. Ndi ya azakhali."

"Jambula ngalawa, jambula ukonde, jambula chimene ufuna. Nkhope ayi."

"Mwanena nokha," anatero Emeldah. "Nkhope ayi."

Anayamba ndi manja. Anagwada pamchenga, nayandikitsa foni mpaka zipsera za chingwe zinaoneka bwino. Yankho silinachedwe: "Manja a msodzi ndi amodzimodzi kulikonse. Ukundinamiza ndi manja a eni ake?"

Anajambula msana. A Gertrudes anati umenewo ndi msana wa nkhalamba, pomwe iwo anasiya mnyamata. Mdzukulu uja anawonjezera ake mawu, motsitsa: agogo ayamba kukana phala.

M'mawa mwake, dzuwa litangosuzumira pamapiri a ku Maniamba, Emeldah akuyala usipa anaona atate ake ataima pagombe kuyang'ana mphepo. Anaima monga mwa masiku onse, phazi lina litaponda bondo la mwendo winawo, nkhafi ili m'manja. Pamchenga panagona chithunzithunzi chawo, chachitali, chakuda bii. Atapotolokera kumpoto, mphuno yawo yokhota ija inatulukira pamchengapo ngati mbedza.

Emeldah anataya dengu. Anamanga chitenje m'chiuno, foni nkuiluma ndi mano, nakwera mtengo wa mango wa pafupi ndi mathandala.

"Taonani mayi wa ana atatu!" anakuwa Zuleika, mnzake woyanika naye usipa. "Mango sanapse, iwe nyani!"

"Khala chete, undithawitsira nyama!"

Anakwawa panthambi mpaka anafika pamwamba pa atate ake. Kuchokera pamenepo munthu ankaoneka chipewa chokha, koma pamchenga anali yense wathunthu.

"Atate, musagwedezeke. Yang'anani kumpoto, ku Cobué."

"Ndinati nkhope ayi!"

"Nkhope yanu ndilibe nayo ntchito. Khalani choncho!"

Linthumbu linamuluma m'khosi, koma iye anajambula basi. Anatsika, nachidetsako pang'ono chithunzicho kuti mphuno ioneke bwino, nkutumiza.

Mawu a ku Nkhata Bay anafika usipa usanatembenuzidwe. Emeldah anakweza foni kuti gombe lonse limve. Poyamba kunamveka chifuwa, kenako kuseka kwa nkhalamba yopanda mano.

"Ndi yemweyo! Kakowa wa amayi! Mpaka lero amaima ndi mwendo umodzi? Mphunoyo ndi ya atate athu, ndinkaiopa ndili mwana. Samisoni, wakalamba koma sunawongoke!"

Amayi a pamathandala anaimba nthungululu. Zuleika anavina ndi dengu kumutu.

A Samisoni anatsitsa mwendo uja msangamsanga. Analanda foni, naiyang'ana nthawi yaitali ataitalikitsa ndi maso.

"Mphunoyi waiwonjezera."

"Ndi dzuwa, atate. Kakanganeni nalo."

"Ndidina pati kuti andimve? Ndimuuze mwano wakewo."

Emeldah anawagwira chala, nachiika pamalo pake.