Khungu la m'Kabokosi ka Watipaso

Chibakera choyamba chinam'peza Spencer ali chogwada, akupinda zitenje za malemu mkazi wake. Chachiwiri chinam'gulula dzino.

"Khungu la ndani ili? Yankhani, alamu!"

Masautso anali atanyamula kabokosi kapulasitiki kamene fungo lake linasokoneza mwambo wosesa. M'katimo munali tizidutswa takhungu tometedwa bwino, tozungulira ngati zitsekerero za mabotolo. Mlongo wake Watipaso, mkazi wa Spencer, anali atangoikidwa kumene, atafa pangozi ya minibasi pochokera ku Zomba, ndipo chisoni cha Masautso chinkangosowa pophulikira.

Mphekesera ilibe miyendo koma imathamanga. Mawu oti "ziwalo" atangomveka, amene ankamwa thobwa anasiya makapu n'kutola miyala. Wina anakatsopa petulo m'njinga yamoto.

"Ndi makutu a nkhumba," anatero Spencer, akulavula magazi. "Watipaso ankagula kwa opha nyama n'kumapita nawo ku labu komwe ankachita kafukufuku. Khungu lake limafanana ndi lathu. Amadonthezerapo mankhwala opopera tomato, kuti aone ngati amaboola n'kulowa m'thupi."

"Bodza! Mwam'gulitsa mlongo wanga!"

Masautso anamuponda m'nthiti, kabokosi kaja n'kugwa. Pansi penipeni panatuluka khutu lathunthu, laubweya wake, lodulidwa kunsonga monga eni ziweto amachitira. Miyala inayamba kugwa m'manja mwa anthu, aliyense akuyang'ana kumbali ngati sanali pomwepo.

"Mankhwala ake ndi omwe mumapopera inuyo, alamu," Spencer ananong'ona. "Taonani manja anuwo."

Masautso anawayang'ana. Anali osupuka, ang'alung'alu, monga analili chiyambireni dimba lake m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Anakumbuka Watipaso akutolera mabotolo otha m'dimbamo, iye akum'seka kuti sukulu yonse ija yathera kutola zinyalala.

Spencer anakwawira pamulu wa katundu, n'kusolola chikwama chong'ambika cha Watipaso chimene apolisi anabweza itachitika ngozi ija. Anatulutsamo magolovesi atsopano, aatali mpaka m'zigongono.

"Mlongo wanu anayenda mashopu onse kufuna aakulu. Amati manja a achimwene ake ndi makasu."

Masautso anakhala pansi pafumbi n'kuyesa kuvala. Dzanja lamanzere linalowa bwinobwino. Lamanja linakana, linali litatupa ndi zibakera.