Nsato Yobisa Mawanga

Agbenyega anafika pakhomo pa Dzigbodi atanyamula botolo la kachasu wa sodabi ndi nkhuku yomanga miyendo, ndipo mayiyo atangomuona anadziwa kuti zamuvuta munthu. Chimwalirireni mwamuna wake Sedzro, mlamu wakeyu anali asanapondepo pano. Lero ndiye ati odi, mawu ofewa ngati wodzafunsira mbeta.

Dzigbodi anali kuseri, akuwaza madzi pamchenga wa m'mabokosi momwe amaswetsera mazira a nsato. Mudzi wonse umadya za njoka. Alenje amakumba m'mauna a pachulu n'kutulutsa zazikazi zokhala ndi mazira, zing'onozing'ono zija zimene zikachita mantha zimadzipinda ngati nkhata. Zikaikira amazibwezera kutchire, ana ake n'kupita kumzinda wa Lome, kuchoka apo pandege, kwa azungu oweta njoka m'nyumba. Zofiirira wamba zimapita pamulu ngati tomato. Koma ikangobadwa ya mtundu wachilendo, ogula amabwera okha pagalimoto.

Sedzro, mwamuna wa Dzigbodi, anali nayo yotero. Yamphongo, mutu wofiirira bwinobwino, koma thupi loyera mbee ngati ufa wa chinangwa, mawanga atangotsala apo ndi apo. Ankaitchula Yovo, dzina lomwe ana amakuwira azungu pamsewu. Anailera yekha ndi makoswe a kumunda, ndipo chaka chilichonse inkampatsa ana oyera.

Ndiye Sedzro anagwa panjinga yamoto, n'kupita. Mwambo umati mkazi wamasiye akhale m'chipinda atavala zakuda, osaponda pabwalo mpaka atasambitsidwa. Ali m'chipindamo, masana dzuwa lili phwee, Dzigbodi anamva chivundikiro cha bokosi la Yovo chikulira. Anasuzumira pamng'alu wa chitseko: Agbenyega, akulowetsa njoka m'thumba. Anamuitana kawiri, alamu, alamu. Mkuluyo anatembenuka, anayang'ana chitseko chija, n'kumwetulira, podziwa kuti mayiyo sangatuluke. Abale atakumana, iye anati chuma cha mng'ono wake n'cha kubanja, akulu n'kugwedeza mitu. Njokayo Dzigbodi mwina akanaiiwala. Koma kumwetulira kuja ayi, kunkamudzutsa m'mawa uliwonse mtima uli m'mwamba.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anatero Agbenyega, akutsamiritsa botolo pakhoma.

"Ndaswera. Mwasochera kapena?"

"Aa, musatero. Magazi ndi amodzi."

"Anu ndi a ndani? Ine ndine wobwera, munanena nokha."

Agbenyega anakhala pachitsa n'kukanda m'mutu. Anafotokoza zonse, poti wosowa sachita manyazi. Yovo anamuphatikiza ndi zazikazi zonse zonenepa zimene anakumba chaka chatha, kumuzunguza bokosi ili ndi ilo osamupumitsa. Mazira anaswa ambirimbiri, koma ana onse ofiirira, wopanda ndi kadontho koyera komwe. Tsopano Yovo wasiya kudya, msana watuluka ngati mpeni, ndipo akapirira nyengo inoyi ndiye kuti ndi yomaliza. Wogula wa ku Lome, amene anamulonjeza ana oyera pamaso pa alenje onse, wamuuza kuti yamphongo payokha siithandiza. Pafunika yaikazi yooneka wamba koma yobisa zoyerazo m'magazi, imene Sedzro ankaiphatikiza nayo.

"Ili pano, ndikudziwa," anatero, maso akuyenda pamabokosi. "Koma zonsezi n'zofanana. Inu nokha ndi amene mungailoze."

"Nanga ana ofiirira aja ali kuti?"

"Ndinawataya pamulu. Ndinapsa mtima, ndinawatsanulira m'matumba onse, anakwera ndege kalekale. Ndikanasunga zinyalala za chiyani?"

Dzigbodi anaweramira m'bokosi kuti nkhope yake isaoneke. Kumtima kunali kuzizira bwino, ngati wamwa madzi a mumtsuko.

"Ana tidzagawana pakati," anapitiriza mkuluyo. "Denga lanuli likudontha, ndaliona."

Zoona, denga linkadontha, ndipo anaima kanthawi akuliganizira. Ana oyera awiri okha akanakhomera malata nyumba yonse. Koma atakweza maso anapeza mlamu wake wayamba kale kumwetulira, kumwetulira komwe kuja, poona ngati nkhani yatha.

Anapita pabokosi la pakona n'kutulutsa nsato yakale, yolemera, yofiirira ngati ina iliyonse ya pachulu. Anaigadabuza pang'ono, iye yekha akuona: timizere tiwiri takuda kumimba, kutsikira kumchira. Sedzro ndi amene anamuonetsa timizereto, tsiku lina atakhala pompano, akuseka kuti mkazi wokongola zenizeni sadzionetsera. Iyi ndiyo inali yaikazi yofunidwa ija, make wa Yovo. Anaiika m'dengu n'kuvundikira nsalu.

Agbenyega anatambasula manja.

"Siidziwa manja anu," anatero Dzigbodi. "Ndinyamula ndekha. Tsogolani."

Anatsogola, ndipo njira yonse pakamwa sipanatseke. Kupatsa moni aliyense, kuitana alenje anzake amene ankanola makasu pamthunzi kuti abwere adzaone, chaka chino kubadwa zoyera zokhazokha. Ena anadzukadi n'kuwatsatira. Dzigbodi ankabwera pambuyo, dengu pamutu. Anthu achuluke, ndi zimene ankafuna.

Njira ya kwa Agbenyega imadutsa pakachisi wa Dangbe, mulungu wa nsato, mpanda wa dothi wopakidwa njereza, momwe nsato zimakhala mwaufulu. Nsato yolowa mmenemo yalowa. Siigulitsidwa, siigadabuzidwa, ndipo woitulutsa palibe angadye naye mbale imodzi mpaka imfa. Mlenje amene anakumbapo njoka ndi khasu saloledwa ngakhale kuponda pakhomo. Dzigbodi ndiye sanakumbepo, ntchito yake inali ya mazira.

Atafika pachipata anavula nsapato, n'kukhotera mkati.

Agbenyega anayenda ndithu asanazindikire kuti kumbuyo kwachita chete. Potembenuka, mayiyo anali atagwada kale pamaso pa wansembe, mayi wachikulire wa nsalu yoyera, dengu lili pansi.

"Alamu, mukutani?" Anathamangira pachipata, phazi n'kuima m'malere. Alenje anzake anali pomwepo, akumuyang'ana. Analibweza phazilo.

"Mwabweretsa chiyani, mwana wanga?" anafunsa wansembe.

"Ya malemu amuna anga, amayi. Yagwira ntchito mokwanira, ipume."

"Alamu, tiyeni tikambirane," Agbenyega anatero. "Tengani ana onse. Tengani ndi Yovo yemwe, ndikubwezerani lero lomwe."

"Mundibwezere mutamumaliza? Kamuikeni nokha m'manda."

Wansembe anathira madzi pansi, anawaza ufa pamutu pa njokayo, n'kuikhazika pamizu ya mtengo waukulu wa pakati pa bwalo. Inakhala yodzipinda kanthawi. Kenaka inatulutsa mutu, inalawa mphepo ndi lilime, n'kutsetsereka kulowa pakati pa zinzake zimene zinaunjikana pamthunzi, zofiirira zokhazokha.

Dzigbodi anadzuka n'kubwera mpaka pachipata, iye mkati, mlamu wake kunja.

"Chimodzi mwina ku Lome sanakuuzeni," anatero motsitsa, koma mokwanira kuti alenje amve. "Mwana aliyense wa Yovo amabisa zoyera ngati agogo akewa. Aja munawatsanulira m'matumba aja, aliyense. Mukanasunga zazikazi ziwiri zokha, simukanadzandifuna ine."

Wina mwa alenje anaseka n'kudzigwira pakamwa. Agbenyega sanamumve. Anagwira mpanda ndi manja onse awiri, khosi atalisolola, maso ali pamulu wa njoka uja.

"Ndi iti?" anafunsa. "Ingondilozerani, ndiione chabe."

Dzigbodi anacheuka. Anayang'ana ndithu, koma naye sanathe kuizindikira. Chomaliza cha Sedzro chinali chitapita, ndipo anachipereka ndi manja ake. Mvula ikadzabwera adzatchera mabeseni monga kale.

Komabe anatembenukira kwa mlamu wake, amene anaima kuseri kwa khomo loti sangalidutse, anamuyang'ana bwinobwino kuyambira kumapazi, n'kumwetulira.