Handiredi ya a Aloysius

Chaka chimene nkhuni zinatheratu ku Chulu, kalabu ya alimi a fodya inamanga balani yootcheramo fodya yoyendera gasi. Inali yokongola ndithu, koma gasi alibe chibale. Kukatentha mopitirira, kapena kamoto kakathetheka pomwe gasiyo akudontha, fodya ndi denga zimapitira limodzi. N'chifukwa chake anagula themositati, chitsulo chomwe chimamva kutentha n'kumatsegula kapena kutseka gasi chokha. Sikanali kachidole ayi. Chinali chibokosi cholemera ngati mwala wa mphero, chomangidwa ndi mabawuti asanu ndi limodzi kuti moto wa m'kati mwake usatulukire kunja. Anthu dzina lenilenilo linawakanika, anangochitcha Kapitawo.

Woika Kapitawoyo anali Lefina, mtsikana wa pamudzi pomwepo amene anali atangomaliza maphunziro a zamagetsi. Atafunsa kuti ndani ayambe kuotcha fodya wake m'balani yatsopanoyo, madoda onse anayang'ana kumbali, wina mpaka kutsokomola. Anaimirira ndi Nabanda, mayi ake a Lefina.

"Lowetsani wanga," anatero. "Mwana wanga sangandipsereze fodya."

Motero m'mawa wa tsiku loika Kapitawoyo masamba a Nabanda, thukuta la dzinja lonse, anali lendelende pa mikangala m'katimo kudikira moto. Lefina ankaopa.

Anayamba ndi kutseka gasi ku thanki. Osuta onse anawathamangitsira kumsewu. Anakhoma chibokosicho pakhoma, mawaya onse n'kuwapisa m'paipi yachitsulo, n'kumata pakamwa pa paipiyo kuti mpweya usalowe. Polumikizira paliponse anapakapo thovu la sopo n'kumayang'anitsitsa ngati likufufuma. Silinafufume. Dzuwa lili paliwombo anamanga bawuti lomaliza, napukuta manja pa ovolosi.

Apa ndi pomwe anayandikira a Aloysius, bambo amene anaotcha fodya m'maesiteti zaka makumi atatu. Pa nkhani ya balani, mawu awo anali lamulo, ndipo eni akewo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

"Iwe mwana, wamaliza? Ika pa handiredi."

"Pa handiredi, bambo?"

"Eya. Tsamba limasanduka chikasu pa handiredi. Kenako wani-twente. Poumitsa mitsempha, wani-sikisite. Ndinayamba zimenezi mayi ako asanathe msinkhu."

Lefina anagwira kabatani kozungulitsa, dzanja n'kuima. Manambala a Kapitawo ankathera pa 110. Wani-sikisite aitenga kuti? Komanso handiredi ndi pamene madzi amawira. Fodya wa mayi ake akanasanduka ndiwo zofutsa dzuwa lisanalowe.

"Bambo, pa handiredi fodyayu apsa."

Anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo anaponya mawu akuti sukulu imapengetsa ana, wina nati mawu a akulu akoma akagonera. Nabanda anamanganso chitenje chawo mwamphamvu, maso ali pa mwana wawo. Lefina zinamuwawa. Kutsutsa a Aloysius pagulu kunali kulakwa, koma kuwamvera kunali kulakwa koposa.

A Aloysius anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa kagalasi koyezera kutentha, kakale, kokulunga m'nsanza. "Aka sikanandinamizepo," anatero. Lefina anakayang'ana, naona pamwamba pake pali chilembo F chofufutika. Pa Kapitawo panali C. Mtima unakhala pansi nthawi yomweyo, mpaka anafuna kuseka.

"Bambo, ndikupempheni kanthu. Tapanani kagalasi kanuka m'khwapa."

"M'khwapa? Ndakuuza kuti ndikudwala?"

"Pang'ono pokha. Kanga kano mupane mbali inayo."

Anawapatsa kachida kake koyezera. Mkulu uja, pofuna kuti mwanayu achite manyazi bwinobwino, anavomera. Anaima pakati pa anthu mikono yonse ili chopana ngati nkhuku yonyowa, ndevu zili m'mwamba. Patapita kanthawi Lefina anati awerenge okha.

"Nainte-eyiti," anatero a Aloysius monyada.

"Kanga kakuti sate-seveni. Thupi ndi limodzi lomweli. Pa manambala a Kapitawo, nainte-eyiti ndiye kuti mwatsala pang'ono kubwata, tithiremo masamba a tiyi."

Nabanda anaphulika nako kuseka, gulu lonse n'kutsatira. A Aloysius anayang'ana kagalasi kawo, kachida ka mwana uja, kagalasi kawo kachiwiri.

"Simunalakwe, bambo," anafulumira Lefina. "Handiredi yanu ndi yoona. Kungoti inu mumawerenga m'chilankhulo cha azungu a pa esiteti, Kapitawoyu amamva china. Ndiuzeni manambala anu onse, ine ndizimuuza m'chake."

Anatenga penti yotsala, nalemba pakhoma: handiredi ya a Aloysius, 38. Wani-twente, 49. Wani-sikisite, 71. Mkulu uja anawerenga manambalawo. Kenako analowa m'balani, naloza kachitsulo komvera kutentha komwe Lefina anakapachika pafupi ndi chitseko.

"Apa pamanama, pamalowa mphepo. Kapachike pakati, pansi pa masamba."

Lefina anakasuntha osawiringula, chifukwa apa mkuluyo ankanena zoona. Atatero anaika pa 38, natsegula gasi. Moto unayaka wabuluu, ndipo kutentha kutafika pamalo pake, Kapitawo anati thee! n'kuutseka yekha.

Masiku asanu ndi awiri anatha, a Aloysius akuitana manambala awo, Lefina akuzungulitsa kabatani. Tsiku lotsegula balani kunabwera anthu mpaka a ku Kapelula. Chitseko chitatseguka, fungo lokoma linayamba kutuluka, kenako anaona masambawo: achikasu okhaokha kuyambira pansi mpaka kudenga, popanda ndi limodzi lomwe lopserera. Nabanda analuluta mpaka mawu kusasa. Lefina analira, ndipo sanabise. Madoda aja otsokomola anayamba kukanganirana kuti wotsatira ndani.

Mlendo wina wa ku Kapelula anagwira a Aloysius pamkono, nawapempha kuti akawaikire Kapitawo kwawonso.

"Ine ndimangodziwa fodya," anayankha. "Za chitsulochi funsani eni ake." Anavula chipewa, natembenukira kwa mwana wa Nabanda uja. "Amisiri, tabwerani kuno, alendowa akufuna inu."