Injini Ipume Kaye

Ku Perth, ku Australia, ndinabwera kudzangodutsa. Ndimatero kulikonse. Ku Joni ndinangodutsa. Ku Dar es Salaam ndinangodutsa. Ku Balga, dera la mu Perth momwemo, kwa achemwali anga a Felesta, chikwama sindinamasule chonse. Koma anandipezera ntchito.

"Loweruka ukhala mlonda," anatero akusita yunifomu yawo ya kuchipatala.

"Mlonda wa chiyani?"

"Wa galimoto ya Tasha."

Tasha ndi mwana wawo. Anakulira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno. Mkati mwa sabata amagulitsa zipangizo za galimoto ku Malaga, dera lina la mumzindamu. Kumapeto kwa sabata amathamangitsa galimoto pa mpikisano wa kalabu.

Mpikisano wake ndi wachilendo. Galimoto zonse ndi za mtundu umodzi. Zazing'ono, za mipando iwiri, zopanda denga. Injini yofanana, matayala ofanana. Injiniyo amaimanga ndi waya wachidindo kuti wina asaiwonjezere mphamvu. Chosiyana ndi woyendetsa basi.

Galimoto ya Tasha si yake. Ndi ya Harvey, mzungu wa galaja ku Malaga, munthu wosalankhulalankhula. Anapangana chaka chikuyamba. Tasha akamaliza chaka ali m'gulu la atatu oyambirira, galimoto aiyendetsabe chaka chamawa. Akalephera, ipita kwa wina, dzina lake Jabez. Loweruka linali tsiku lomaliza. Kuti alowe pa atatuwo, anayenera kumaliza patsogolo pa dokotala wina wa mano, a Brown.

Tasha anandikhazika pansi m'khitchini. Anandilankhula ngati mwana wa sitandade wani.

"Ankolo, mpikisano ukatha, galimoto zonse timaziimika pamalo amodzi. Amazinga ndi chingwe. Oyendetsa timachoka. Palibe wogwira galimoto mpaka akuluakulu a mpikisano ataiyeza. Palibe."

"Ngati khola."

"Itchuleni mmene mukufunira. Wina akagwira, zanga zonse za tsikulo zimafufutidwa."

"Angagwire ndani?"

Anayang'ana amayi ake. A Felesta anapitiriza kusita.

"Ine ndinangopempha mapemphero ku tchalitchi," anatero.

Mapempherowo anabwera pa minibasi ziwiri.

Bwalo la mpikisano lili kumpoto kwa mzinda, kumchenga. Dzuwa loswa mtengo. Ntchentche za kuno sizidziwa manyazi, zimalowa m'kamwa munthu ukulankhula. Anthu ena anabwera awiriawiri, ndi zipewa ndi timipando topinda. Ife tinabwera mpingo. Amayi a zitenje zofanana. Mabokosi a mandasi ndi nkhuku yokazinga. Theka la kwaya. Patsogolo pa onse a Lamson, mkulu wa mpingo, m'jekete ndi taye. Pambuyo pawo mayi Sellina, akazi awo, atanyamula ambulera.

A Lamson anayendetsa mabasi zaka zambiri pamsewu wa Lilongwe ndi Mzuzu. Aliyense wa ku Balga amadziwa zimenezi. Sungakhale nawo pafupi osadziwa.

Anaizungulira galimoto ya Tasha, manja kumbuyo.

"Kagalimoto kameneka katundu amaika pati?"

"Sanyamula katundu, abambo," ndinayankha.

"Nanga okwera?"

"Ali yekha."

"Akupita kuti?"

"Akungozungulira. Abwerera pomwe pano."

Anapukusa mutu. "Mafuta ake."

Harvey ankatiyang'ana ali pambali pa kalavani yake. Anangoloza Tasha, n'kuloza wotchi.

Mpikisano unayamba. Ine sindinamvetse zambiri. Galimoto zofanana, phokoso lofanana, ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Ya Tasha yachikasu. Ya a Brown yoyera. Yoyera patsogolo, yachikasu pamchira. Zikasowa kuseri kwa kachitunda, amayi ankayamba nyimbo. Zikatulukira, nyimbo inkaduka, nthungululu n'kuyamba. Mzungu wina wa pambali pathu anasuntha kampando kake. Kenako anakabwezanso. Mandasi anali atamupeza.

A Lamson ankayendetsa nawo ali chiimire.

"Wachedwa kusintha giya. Mwamva? Injini ikulira. Mwana ameneyu akuizunza injini."

"Ndi mmene amathamangira, abambo."

"Ine pa Chikangawa, basi yodzaza, sindinailizepo chonchi."

Kutatsala pang'ono kutha, pa kona yotsetsereka, yachikasu inalowa mkati. Yoyera inatseka. Yachikasu sinabwerere. Zinatuluka pakonapo zitagundana mapewa, ndipo yachikasu inali patsogolo. A Felesta anakhala pansi pamchenga, manja kumutu. Mayi Sellina anaponya ambulera. Mbendera ya mabangamabanga, yotsekera mpikisano, inakupizidwa. Tasha anali atamaliza patsogolo pa dokotala wa mano.

Ndinathamangira ku khola. Ntchito yanga inali itakwana.

Kholalo linali chingwe chabe, chomangidwa pa timitengo ta pulasitiki. Galimoto zinalowa, zinaima m'mizere. Oyendetsa anatuluka. Tasha anavula chisoti, tsitsi lonyowa, n'kundiloza ndi chala: yang'anirani. Atangodumpha chingwe, amayi anamumeza. Wina anamukulunga chitenje. Wina anayala china pansi kuti apondepo. Anamutengera kuminibasi akuimba. Akuluakulu oyeza anayambira mzere wa uko, kutali ndi ife.

Ndinaima pachingwe. Ana awiri anayandikira, ndinawathamangitsa. Mnyamata wa kwaya anafuna kujambula atatsamira chitseko, ndinamubweza. Zinkayenda.

Kenako a Lamson.

Anabwera pang'onopang'ono, akununkhiza mpweya. Galimoto yachikasu inkalira tiki, tiki, chitsulo chikuzizira. Pamwamba pa boneti mpweya unkavina.

"A Ezra, mwaswera bwanji?"

Tinali titaswera limodzi. Komabe munthu wamkulu akapereka moni, umayankha.

"Ndaswera bwino, kaya inu abambo?"

"Taswera. Mulungu wachita zazikulu."

"Wachitadi."

"Tandigwirirani jekete."

Ndinalandira ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Thupi linachita lokha. Ndikuweramuka, iwo anali atadutsa kale chingwe, akupinda manja a shati.

Ndikanakuwa. Liwu limodzi likanakwana. Koma m'kamwa mwanga munthu wa imvi sauzidwa liwu limodzi. Pamafunika poyambira.

"Pepanitu abambo, ndimati mwina ndinene kaye pang'ono, kuti mmene anandifotokozera mwanayu..."

Boneti za galimoto zimenezi zimatsekedwa ndi timapini tiwiri, panja. Tsomphu. Tsomphu. Boneti m'mwamba.

"Injini ipume kaye," anatero a Lamson. "Galimoto ikayenda ulendo wotere sumaisiya chitsekere. Ana a masiku ano!"

Anasolola kawaya koyezera oilo. Anakapukuta ndi mpango wawo woyera. Anakabwezera, anakasololanso, n'kukayang'ana padzuwa.

"Oilo ali bwino."

Wezulo inalira. Mayi wina wa malaya owala ankabwera chothamanga, wailesi ili m'manja. Dzina lake Nora, mkulu wa oyeza. Anaima. Anayang'ana boneti. Anayang'ana a Lamson. Anayang'ana ine ndi jekete.

"Bambo awa ndi ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

A Lamson anamupatsa dzanja la oilo. "Lamson. Musadandaule, mayi, ndaona kale. Zonse zili bwino."

Mlandu anakaukambira m'kaofesi ka malata kuseri kwa nsanja. Anaitana Tasha ndi Harvey basi. Tinalowa ambiri. A Lamson anati munthu sapepesa yekha. Anatenga mlembi wa mpingo, mayi Sellina, a Felesta ndi ine. Ena anaunjikana pawindo. Nora anasowa mipando.

A Lamson anayamba ndi kuthokoza. Anathokoza boma la Australia. Anathokoza kalabu posamalira ana. Anafotokoza za msewu wa Mzuzu, za injini zimene anaona zikufa chifukwa cha madalaivala aulesi. Kupepesa kunabwera kumapeto, ndipo kunali kwakufupi.

"Ngati kuthandiza mwana ndi kulakwa, ndiye ndalakwa."

Nora anamvetsera zonse. Anali munthu woleza, ndimupatse zimenezo.

"Bambo, sindikukayika kuti mumafuna zabwino. Waya wachidindo ndauona, sunaduke. Koma boneti inatsegulidwa ndipo dzanja linalowa mu injini tisanayeze. Ndikakhululukira inu lero, mawa aliyense abwera ndi agogo ake."

"Abwere nawo! Galimoto zingakhalitse."

A Brown anasuzumira pakhomo, ovololo atavula mpaka m'chiuno. Anati iwo sakudandaula, mtsikanayu wawapitirira mwachilungamo. Nora anati lamulo si la a Brown. Anawerenga chigamulo. Zotsatira za Tasha za tsikulo zafufutidwa. Pa chaka chonse watsika. Pa atatu oyambirira palibepo.

Tasha sanalire. Anangotuluka, chitenje chidakali paphewa.

Panja a Felesta anamugwira pachigongono.

"Uwathokoze abambo. Abwera kudzakuchemerera."

Tasha anayang'ana amayi ake ngati sakuwadziwa.

"Ndati uwathokoze. Anthu akuona."

Chala cha a Felesta chinatsina. Tasha anapinda bondo.

"Zikomo, agogo," anatero m'Chichewa, mano ali chilumire.

"Palibe kanthu, mwanawe. Koma uzisintha giya msanga."

Tasha anatembenukira kwa ine. M'Chingerezi tsopano, motsitsa mawu.

"Ntchito imodzi, ankolo. Imodzi."

"Anandipatsa jekete."

"Mukanaiponya pansi!"

"Jekete ya mkulu wa mpingo?"

Anatseka maso. Anapita kuseri kwa kalavani ya Harvey. Tinamva chisoti chikumenya tayala, kangapo.

Anthu anayamba kudya. Nkhuku sidikira chigamulo. Mayi Sellina ankauza amayi anzawo kuti azungu achita nsanje. Mlembi wa mpingo anati nkhaniyi ikufunika komiti. Ine ndinkaganiza za ndege yanga ya ku Singapore, sabata yamawa. Mzinda wina, anthu osandidziwa. Maganizo abwino.

Harvey anakweza galimoto pangolo yake. Anamanga malamba, tayala ndi tayala, osafulumira. Tasha anatuluka, n'kuyamba kumuthandiza. Sanayang'anane. Ine ndinaima chapafupi. Sindinadziwe koti n'kupita.

"Tinapangana atatu oyambirira," anatero Harvey.

"Ndikudziwa."

"Jabez ndinamulonjeza chimodzimodzi. Wandiimbira kale."

"Ndikudziwa."

Harvey anakoka lamba womaliza. Anapukuta manja pa thalauza.

"Koma kona ija ndinaiona. Ndiye tichite chonchi. Mwezi wa Febuluwale bwalo limatsegulidwa pakati pa sabata, kwa oyeserera. Galimoto imodzi, matayala amodzi, iwe ndi Jabez mosinthana. Wothamanga kwambiri ndiye mwini mpando. Zimenezo zokha ndi zimene ndingathe."

Tasha anagwedeza mutu. Chimene anali atachigwira kale m'manja anayenera kukachilimbiranso. Koma khomo silinatsekeke.

"Chinthu chimodzi," anawonjezera Harvey. Analoza kuminibasi ndi chibwano. "Ubwere wekha."

"Febuluwale pa chani?"

Tonse tinatembenuka. A Lamson, mwendo wa nkhuku m'manja. Sindinawamve akufika.

"Mutiuziretu tsiku," anapitiriza. "Pakati pa sabata ambiri amakhala ku ntchito, koma ine ndi mayi tingapezeke. Mwana sangapite kumayeso popanda wamkulu. Ndipo injini ija..."

Tasha anandiyang'ana. Maso okha.

M'kamwa mwanga munabwera "pepanitu". Ndinamumva akukwera pakhosi, ndi anzake onse pambuyo: ndimati, mwina, kapena. Ndinawameza.

"Ayi."

A Lamson anasiya kutafuna.

"Mwati bwanji, a Ezra?"

"Ayi. Simubwera."

Kuminibasi phokoso linazima. A Felesta anagwira pakamwa. Mayi Sellina anatsegula ambulera, anaitsekanso. Ntchentche inatera pamphuno panga, sindinaiingitse.

"Ezra!" anatero achemwali. "Wapenga? Ukulankhula ndi ndani?"

"Ndipo ndidzaima pageti ndekha."

Ndinazimva zikutuluka. Febuluwale. Ndege yanga inali ya sabata yamawa. Tasha anali atamva, ndipo Harvey anali atamva. Panalibe pobweza.

A Lamson anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kumutu. Anatembenukira kwa achemwali.

"Mayi Felesta, mlongo wanuyu anakulira kuti?"

"Ku Lilongwe konkuja, abambo. Koma wayendayenda kwambiri."

"Zikuoneka."

Anatambasula dzanja kwa ine. Ndinaganiza kuti akufuna tigwirane chanza. Ayi. Ankafuna jekete yawo. Nthawi yonseyi inali idakali pamkono panga, yopindidwa bwinobwino.

Ndinaipereka ndi dzanja limodzi. Linalo linanyamuka lokha kuti ligwirizire. Tasha analigwira, n'kulitsitsa.