Mayi Wodinda Makoma a Fakitale

Ine munthu woyenda ndi dongo m'chikwama sindimukhulupirira. Ndalondera fakitale ya misomali zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndikudziwa kuti akuba amadinda kiyi pa sopo kapena pa dongo, mawa lake n'kubwera ndi kiyi wawowawo. Ndiye mayi wina atayamba kuzungulira mpanda wathu masana aliwonse, mtima wanga sunakhalenso m'malo.

Anali wamfupi, wovala ovolosi yothimbirira. Ankatulutsa dongo, kuliphwatalalitsa m'manja, n'kulikanikiza pa khoma la njerwa. Akalimatula ankaliyang'anitsitsa ngati kalata ya chibwenzi. Tsiku lachitatu anadinda chitseko chachitsulo chakumbuyo, pafupi penipeni ndi loko.

Ndinathamangira kwa abwana. Iwo osadzutsa n'komwe mutu pa foni.

"Musiyeni, madala. Inu zanu n'zapageti. Koma kukasowa kanthu muno, ntchito yanu yathera pomwepo."

Musiyeni? Abwana omwewa, amene amakalipa ngakhale galu akangonunkhiza geti? Apa ndinati pali kanthu. Kunyumba mayi a ana anangondiseka.

"Inu bambo ake, mumakayikira ndi chithunzithunzi chanu chomwe."

Aseke. Ntchito imeneyi ndi imene imadyetsa ana anayi, ndipo pa msinkhu wangawu palibe angandilembe ina. Ndinkaopa, ndisaname.

Loweruka nditaweruka ndinamutsatira mayi wa dongo uja chapatali, kudutsa pa okonza matayala, mpaka kuseri kwa galaja ina. Analowa m'shedi ya malata, chitseko n'kuchisiya pululu.

"Lowani achimwene," anatero osacheuka. "Mwanditsatira kuchokera pa matayala paja. Musaime pakhomo ngati wodzapala moto."

Manyazi anandigwira, koma ndinalimba nazo. "Makiyi amene mukuumba ali kuti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandipatsa kaphale kootcha kale. Panali timitu ta mabawuti a chitseko chija, ndi dzimbiri lomwe lokhakhala pa chala. Loko panalibe.

"Ine ndimaba khungu la khoma basi," anatero. "Njerwa zakale sungazipeke ndi mutu."

M'mashelefu munali machumuni, matanki a madzi ndi mapaipi opindika, zonse zadongo. Pakona ng'anjo inali ikutenthabe. Koma chimene chinanditsekula pakamwa chinali patebulo: fakitale yathu yonse, yotalika ngati bedi. Denga lake la mano a sowo, chumuni chopendekeka pang'ono, zenera losweka la kustolo. Ngakhale kanyumba kanga ka pageti kanalipo, ndi lata lake lija lofutukuka limene ndadandaula nalo zaka zitatu. Ndinakakhudza ndi chala, ndipo ndivomere kuti ndinanyadira.

Koma kukayikira ndi matenda, sikuchoka tsiku limodzi.

"Nanga fakitale ya eni mukuiumbiranji? Wakutumani ndani?"

"Amene agula malowo. Akufuna chikumbutso choti adzaike polandirira alendo m'nyumba zosanja zimene amange pamenepo. N'chifukwa chake ndikuthamanga, makoma asanagwe."

"Agwe liti?"

"Kutha kwa mwezi uno." Anasiya kupukuta m'manja n'kundiyang'ana. "Kodi abwana anu sanakuuzeni?"

Masiku onsewa maso anga anali pa mayi wa dongo, pamene mwini nkhani ndinkamutsegulira geti m'mawa uliwonse n'kumuchitira sawatcha.

Mayi uja anandikokera thumba la dongo kuti ndikhalepo.

"Pepani achimwene. Ine ndimafuna ndikuumbeni inunso, mutaima pageti ndi chipewa chanucho. Ndinawafunsa ogula malowo."

"Anati chiyani?"

"Anati pasaoneke munthu."