Mizati Yopanda Waya ku Chikwa

A Hosea Zimba, amene anali mkulu wa bungwe la boma loteteza minda ku nyama zakutchire, anandilakwira ine Robson Goma wa ku Chikwa m'chaka cha 2022, mvula isanagwe.

Kuno njovu tinabadwa nazo. Kale aliyense ankalima kwake, wina uku wina uko, ali ndi nsanja yake yolonderapo. Ine ndinali ndi mfuti ya gogodera. Sindinkaikamo chipolopolo, koma onga ndi tsabola wopera. Njovu ikayandikira, phuu, inkabwerera ikuyetsemula. Zinkadyako ndithu, koma nkhokwe yanga sinakhalepo yopanda kanthu.

A Hosea anabwera ndi galimoto yoyera natisonkhanitsa pabwalo la sukulu. Anati minda yonse tiibweretse pamalo amodzi, bungwe lawo lidzagula waya wamagetsi n'kuizinga. Ife tingodula mizati. Mfuti zonse tipereke kwa iwo.

"Bwana, wayayo ali kuti?" ndinafunsa. "Timuone poyamba."

"Amadala, inu mungakayikire ngakhale mchere kuti uli ndi kukoma," anatero a Hosea.

Anthu anaseka. Mkazi wanga Doris ananditsina pantchafu. "Khalani chete, a Goma, mukutichititsa manyazi."

Ndinapereka mfuti. Munda wanga wakale ndinausiya. Tinadula mizati ya mupani, mtengo umene umabunthitsa nkhwangwa, tinakumba maenje m'dothi louma mpaka msana wanga unakana. Nsanja palibe anamanga, chifukwa mphamvu zonse zinathera pa mizati. Tinabzala. Chimanga chinafika m'mawondo, waya osaoneka.

Ndinakwera lole ya mpunga kupita ku boma la Chama. Pakhomo pa ofesi ya a Hosea panali chikwangwani china, utoto usanaume bwino.

"Zinthu zasintha, amadala," anatero a Hosea osandipatsa ndi mpando womwe. "Boma laphatikiza maunduna. Bungwe lathu aliika pansi pa unduna wina, ndi dzina lina. Chilolezo chathu chogulira katundu chinali m'dzina lakale, ndiye chinafa nalo."

"Ndalama zatha?"

"Ndalama zilipo. Waya ali m'sitolo ku Lusaka. Koma manje ngakhale msomali sindingagule mpaka atipatse chilolezo chatsopano. Ndikagula, andimanga."

"Munazidziwa liti zimenezi?"

Anayang'ana pawindo. "Zinkamveka tisanabwere kwanu kuja. Ndinaganiza kuti tidzagula zisanachitike."

"Ndiye munabwera kudzatchova njuga ndi chimanga changa? Chabwino. Ndibwezereni mfuti yanga."

"Mfuti zinatumizidwa kale kukaphwanyidwa."

"Chilolezo chophwanyira chokha ndiye sichinafe?"

"Amadala, musandinyoze mu ofesi yanga. Pitani mukaimbe zitini."

Tinaimbadi zitini zoopsezera njovu. Njovu zinafika mu Malichi, chimanga chitakhwima. Kale zinkayenda mtunda kuti zipeze munda wina zikachoka pa wina, ndipo zikafika zinkapeza mwini wake ali pansanja. Ulendo uno tinali titazipakulira tokha m'mbale imodzi. Zinadutsa pakati pa mizati yathu ngati pakhomo pa tchalitchi. Nyimbo ya chitini njovu imaimva tsiku loyamba lokha.

M'mawa wina ine ndi Doris tinapita kukaona chigawo chathu. Mapesi anali gone gone, dothi lopondedwa, ndowe paliponse. Doris anatola zitsononkho zoswekasweka n'kuziika m'chitenje, kenako anazitaya, nakhala pansi. Sanandiyang'ane. Inenso sindinamukumbutse za pabwalo la sukulu paja.

Chaka chimenecho tinadya zikhawo, mizu yokumba kudambo, ndi maungu opempha. Mbuzi zathu zinapita imodzi imodzi posinthanitsa ndi ufa. Doris anawonda mpaka chitenje chinkamuzungulira kawiri, ndipo mwana wathu Tamala anabwera kudzamutenga kupita naye ku Lundazi. Doris sanabwererenso.

Chaka chotsatira ndinapitanso ku boma. A Hosea anali atawasamutsira kwina, akuti anawakweza udindo. Pampando pawo panali mnyamata wa tayi, dzina lake Jeff.

"Chilolezo chinabwera, atate," anatero. "Manje tikugula bwinobwino."

"Nanga waya wa ku Chikwa?"

"Limenelo linali lonjezo la bungwe lakale. Bungwe limenelo kulibenso."

Chimanga changa palibe anachibweza, ndipo waya mpaka lero sanagulidwe.